Kukwera phiri la Zomba pa njinga kenako wapansi: tsiku limodzi likwana?

Nachisale wa ku Matawale:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi ganizo limene lakhala likundivuta mumtima kuyambira mwezi wa Juni, ndiye ndati ndifunse kwa inu odziwa. Ndakhala ku Zomba zaka zisanu ndi chimodzi, phirili ndimaliona m'mawa uliwonse popita kuntchito, koma pamwamba ndinafikapo kamodzi kokha, pa galimoto, tsiku limene tinakajambulitsa zithunzi za ukwati wa mnzanga ku damu. Loweruka la sabata yamawa ndikufuna ndikafike ndi mphamvu zanga. Ndinyamuke pa njinga kuchokera kunyumba, ndipalase mpaka pa hotela ya Ku Chawe, njinga ndiisiye pamenepo, ndiyende wapansi mpaka ku Emperor's View, malo oonerapo kutali pamwamba pa phirilo, ndibwerere, nditsike dzuwa lisanalowe. Tikhala atatu, ine, mchimwene wanga wamng'ono ndi mnzanga wa kuntchito. Ndasankha Sepitembala chifukwa chiperoni chatha, kutentha kwa Okutobala sikunafike, ndiponso mitengo yayamba kuphukira. Njinga yanga ndi ya magiya, ya mnzanga chimodzimodzi, koma ya mchimwene wanga ndi Hamba yopanda magiya. Zitheka?

Mbewe wa ku Limbe:
Zitheka achemwali, ine ndapangapo kanayi. Kuchokera m'tauni kukafika pa hotela ndi makilomita pafupifupi 10, ndipo ndi tala yekhayekha. Koma kufupika kwa mtunda kusakunamizeni. Tauni ili pa mamita 900 ndi kanthu, pa Ku Chawe mwafika cha m'ma 1,500, ndiye kuti mamita pafupifupi 600 mukuwakwera pa kamtunda kakang'ono. Msewu sukupatsa mpata weniweni wopumira. Ine ndimatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa, koma ndimapalasa sabata iliyonse. Inuyo werengerani maola awiri kapena kuposerapo, ndipo musachite manyazi kutsika n'kukankha.

Amakanika a pa Mpondabwino:
Mayi, ndisananene za kukwera, ndifunse za kutsika. Mabuleki a njinga zitatuzo ali bwanji?

Nachisale wa ku Matawale:
Amagwira ndithu bambo. M'tauni muno sanandivutepo.

Amakanika a pa Mpondabwino:
M'tauni ndi nkhani ina mayi. M'tauni mumagwira buleki kamphindi kochepa n'kusiya. Potsika phiri lija munthu amagwira buleki mtunda wonse, ndipo pamenepo ndi pomwe pamagona ngozi. Ndakhala ndikukonza njinga zaka zoposa makumi awiri, ndipo njinga zimene zimabwera zitapindika limu kapena foloko, zambiri ndi za anthu amene analephera kukhota potsetsereka. Za okwera sindinalandirepo ndi imodzi yomwe.

Chimachitika ndi ichi. Maraba akamakhula limu osalekeza, limu imatentha. Ikatentha, maraba amafewa n'kuyamba kuterera, ndiye umaona ngati wagwira mwamphamvu koma njinga ikungopita. Nthawi zina kutenthako kumafika pa chubu mpaka kuphulika. Choncho musamangofinya buleki pang'onopang'ono mtunda wonse. Gwirani mwamphamvu pamene msewu wawongoka, liwiro lichepe musanafike pokhota, kenako siyani kuti limu ipume. Mabuleki onse awiri agwire ntchito. Anthu ambiri amaopa lakutsogolo, koma ndi limene lili ndi mphamvu zoimitsa njinga, chofunika n'kusunthira thupi kumbuyo kwa chishalo komanso osaligwira modzidzimutsa. Imani kawiri kapena katatu, muyandikize dzanja pa limu. Ikakhala yotentha moti simungaigwire, khalani pansi mudikire.

Za Hamba ndinene mosabisa. Ndi njinga yolimba, imanyamula thumba la chimanga ndi munthu pa keliyala osadandaula, koma mabuleki ake a ndodo sanapangidwire mtsetse wotalika choncho. Mnyamatayo akwera akukankha pafupifupi njira yonse, zimenezo si vuto, koma potsika ndingamuopere. Abwereke ya magiya.

Ndipo musananyamuke sinthani maraba onse ngati atha, muone mawaya ngati sakuthothoka. Tengani chubu chapadera, pampu, zigamba, soloshoni, sipanala ya 10 ndi ya 15. Pamwamba paja wokonza njinga simumupeza pafupi.

Nachisale wa ku Matawale:
Zikomo kwambiri bambo. Safunsa anadya phula, ine za kutentha kwa limu sindinkazidziwa n'komwe. Ndibwera nazo njingazo Lachitatu.

Gogo Phiri:
Mwanawe, ine ndine wakale, foni yandigwirira ndi mdzukulu wanga. Ndifunse, njingayo ndi yachiyani? Phiri limakweredwa ndi miyendo. Pali njira ya mbatata, imene azungu anaitcha Potato Path, yochokera m'tauni momwemo n'kukatulukira pafupi ndi hotela. Anthu ankatsika nayo atasenza mbatata ya kachewere yolimidwa kuseri kwa phiri, cha ku chigwa cha Domasi, kudzagulitsa mumsika wa Zomba. Mayi anga anali mmodzi mwa iwo ndipo ine ndinayamba kuwatsatira ndili mwana. Njirayo ndi yachitunda kwambiri, umagwira maondo, koma ndi yachidule. Mukadzera mmenemo simuvutika ndi malo osiya njinga, simuopa mabuleki, simulimbana ndi magalimoto. Mukafika pamwamba mukadali ndi mtima umodzi, wa kuyenda basi.

Mbewe wa ku Limbe:
Agogo, mawu anu ndi oona ndipo njira imeneyo ndimailemekeza. Koma njinga ili ndi phindu lake. Potsika wapansi maondo amapweteka kwambiri, makamaka utayenda kale maola asanu pamwamba. Pa njinga mphindi makumi atatu wafika m'tauni. Komanso pamwamba paja ndi potakata, pali misewu yadothi yambiri ya a zankhalango. Ukakhala ndi njinga utha kufika mpaka ku Chingwe's Hole ndi ku Malumbe, nsonga yaitali kuposa zonse, mamita oposa 2,080. Wapansi kuchokera m'tauni, malo amenewo tsiku limodzi ndi ovuta kwa munthu wosazolowera.

Amakanika a pa Mpondabwino:
Achimwene, musawaonjezere katundu mayiwa. Akuti Emperor's View, inu mwayamba kale za Chingwe's Hole. Malo awiriwa ali mbali zosiyana, lina kummawa koyang'ana ku Chilwa, lina kumadzulo koyang'ana ku chigwa cha Shire. Ulendo woyamba asankhe limodzi.

Mbewe wa ku Limbe:
Pamenepo mwandikonza bwino akulu. Ndimangofuna kuonetsa kuti njinga si yachabe. Ulendo uno akhale ndi limodzi basi.

Gogo Phiri:
Ku Chingwe musapiteko mothamanga ngati kumsika. Akuluakulu ankatiuza kuti m'dzenjemo munkaponyedwa anthu, ena amati adani a mafumu, ena amati odwala khate. Kaya zinali choncho kaya ayi, ndi malo amene munthu umafika mwaulemu. Tsiku lina mudzapite ndi nthawi yokwanira.

Mayi a Chisomo:
Ine ndine namwino, ndiye ndilankhule za thupi. Chimene anthu saganizira pa ulendo wophatikiza chonchi n'chakuti njinga imadya mphamvu za miyendo phiri lenileni lisanayambe. Umafika pamwamba ukusangalala kuti wakwanitsa, ukuona ngati zatha, koma ntchafu zatopa kale ndipo ulendo wapansi wa maola anayi kapena asanu uli patsogolo. Minofu ikayamba kukokana ndi nthawi imeneyo.

Aliyense atenge madzi osachepera malita awiri, atatu ndi bwino koposa. Musadikire ludzu, imwani pang'onopang'ono kuyambira pansi pomwe. Botolo limodzi muthiremo paketi ya Thanzi, chifukwa thukuta limachotsa mchere m'thupi ndipo madzi okha sabwezeretsa. Idyani musananyamuke, phala kapena mbatata yophika ndi tiyi. Kamba wa panjira akhale nthochi, mtedza wokazinga wothira mchere, mazira owiritsa, chigumu. Mukafika pa Ku Chawe khalani pansi mphindi makumi atatu, mudye, miyendo ipume, kenako muyambe kuyenda.

Pamwamba pamaomba kamphepo kozizira ndiye munthu sazindikira kuti dzuwa likumuwotcha. Chipewa chisasowe. Komanso tengani juzi. Mukafika mutanyowa ndi thukuta n'kukhala pamphepo, mugwidwa ndi tsemwe msanga.

Chomaliza, chisoti. Ndaonapo anthu ambiri ovulala m'mutu chifukwa cha njinga. Ngati mulibe bwerekani.

Nachisale wa ku Matawale:
Ndamva mayi. Chisoti ndili nacho chimodzi, ziwiri zinazo ndifunsa kwa anzathu a kutchalitchi amene amapalasa.

Nangozo wa ku Chinamwali:
Achemwali, pakati pa ife amayi ndikuuzeni ichi. Chitenje musapalase nacho. Chinandikodwapo mu tcheni ndikutsika ku Naisi, ndinagwa koopsa. Valani buluku kapena thirakisuti, chitenje muike m'chikwama. Pamwamba chikuthandizani kuyala pokhala, kufunda kukazizira, kapena kumanga mukafika pamene pali anthu. Nsapato zikhale zamphira zokhala ndi mapazi okhakhala, chifukwa timasamba ta paini touma timaterera ngati sopo.

Jere wa ku Chirunga:
Sindikufuna kukugwetsani ulesi, koma mudziwiretu za maonekedwe. Mwezi uno anthu akutentha tchire paliponse, ndiye mlengalenga mwadzaza utsi ndi fumbi. Pa Emperor's View kukakhala koyera umaona nyanja ya Chilwa, chilumba cha Chisi, ndi phiri la Mulanje lonse litaima kutali. Zimenezo zimaoneka bwino mvula ikangotha, Epulo ndi Meyi. Mu Sepitembala nthawi zambiri Mulanje saoneka. Mathithinso, a Mandala ndi a Williams, madzi amakhala atachepa. Ngati cholinga chanu ndi zithunzi, dikirani masika.

Nachisale wa ku Matawale:
Ndamva achimwene, koma cholinga changa si zithunzi. Bambo anga anamwalira chaka chatha mwezi ngati uno. Iwo ankakonda kunena kuti mitengo ya m'tchire imatulutsa masamba atsopano mvula isanagwe ngakhale dontho, nthaka ili gwa. Ndili mwana kwathu ku Ntcheu ankanditenga pa keliyala kukaona mitengo ya mombo itafiira. Ndikufuna ndikaone zimenezo, ndipo ndikafike pa njinga monga ankachitira iwo. Mulanje akabisala palibe kanthu.

Jere wa ku Chirunga:
Pepani kwambiri achemwali. Ndiye pitani ndithu, mwezi wake ndi uno.

Gogo Phiri:
Pepa mwanawe. Tsopano ndamvetsa za njinga, ndipo sindikutsutsanso. Koma ndikuuze pamene ungaipeze mitengoyo, chifukwa ukadikira kufika pamwamba ukakhumudwa. Mitengo ya mombo ndi ya tsamba imamera m'mbali mwa phiri, mmunsi ndi chapakati, pamene pali miyala ndi nthaka youma. Pamwamba boma linadzala paini kalekale, ndipo malo ambiri masiku ano ndi zitsa zokhazokha. Mitengo yachilengedwe ya pamwamba yatsala m'mphepete mwa mitsinje, monga mwa Mulunguzi, koma imeneyo ndi yobiriwira chaka chonse. Ndiye maso ako akhale tcheru pokwera pomwepo, nthawi imene ukukankha njinga. Masamba amayamba ofiira ngati magazi, ena ngati mkuwa, pakapita sabata ziwiri kapena zitatu asanduka obiriwira. Dzuwa la m'mawa likawawomba ndi pomwe amaoneka bwino.

Ndinenenso za moto. Ino ndi nthawi ya moto wolusa m'phirimo, wina wa osaka mbewa, wina wa osaka uchi, wina wa anthu ongofuna kuwononga. Moto umathamanga kwambiri pokwera kusiyana ndi potsika. Mukaona utsi mmunsi mwanu musapitirire kukwera molunjika pamwamba pake, ndipo musalowe m'udzu wautali. Pitani chammbali, kapena pamsewu wotakata, kapena pamalo amene apsa kale. Ndinataya msuweni wanga ndi moto wa m'phiri, sindikunena zongomva.

Nabanda ku Glasgow:
Nkhaniyi yandikumbutsa kumudzi mpaka misozi. Ndinaphunzira ku Chanco ndipo phiri lija tinkalikwera wapansi ndi anzanga. Kuno ku Scotland zophatikiza njinga ndi phiri anthu amachita kwambiri, makamaka pamene chisanu chatha ndipo masiku atalika. Ali ndi mapiri 282 amene amawatcha Munro, aliwonse opitirira mamita 914, ndipo ena ali kutali ndi msewu wa galimoto. Ndiye munthu amapalasa m'chigwa makilomita khumi kapena kuposa, n'kusiya njinga m'tsinde mwa phiri, n'kukwera wapansi. Kusiyana kwake ndi kwa inu n'kwakuti kuno njinga imagwira ntchito pamalo osakwera kwambiri kuti isunge mphamvu za miyendo. Inu njinga ndi imene ikukwera gawo lovuta. Phiri lalitali kwambiri kuno, Ben Nevis, ndi mamita 1,345, kutanthauza kuti mukangofika pa Ku Chawe mwapitirira kale nsonga iliyonse ya ku Britain. Musauchepetse ulendo wanuwo.

Chimodzi chimene ndaphunzira kwa anthu a kuno n'choika nthawi yobwerera musananyamuke. Mumagwirizana kuti ikakwana nthawi yakuti tikutembenuka, kaya tafika kaya sitinafike, ndipo palibe wotsutsa ikakwana.

Mbewe wa ku Limbe:
Zimenezo ndi zofunika. Mwezi uno dzuwa likulowa isanakwane 6 koloko, ndipo msewu uja ulibe magetsi. Muyambe kutsika pa njinga isanakwane 4 koloko. Ndiye ku Emperor's View muchokeko 1 koloko ikamakwana.

Wa ku Chitakale:
Ngati mukufuna ulendo wonga umene akunena a Nabanda, bwerani ku Mulanje. Kuchokera pa Chitakale kupita ku Likhubula ndi makilomita pafupifupi 10, msewu wabwino, wopanda zitunda zoopsa, minda ya tiyi mbali ina, phiri mbali ina. Mukafika mulembetsa ku ofesi ya zankhalango, musiya njinga, mutenga wokuperekezani, mukwera wapansi kupita ku Dziwe la Nkhalamba. Ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono mwafika, miyendo ikadali yamphamvu. Kungoti padziwepo musamale, madzi ake ndi ozizira kwambiri ndiponso akuya, anthu amirapo. Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phiri la Mulanje, mamita 3,002, imeneyo musaiganizire n'komwe pa tsiku limodzi.

Nachisale wa ku Matawale:
Zikomo, umenewo ukhala ulendo wachiwiri. Uno ndi wa phiri limene ndimaliona pakhomo. Funso lina, njinga tikazisiya kuti?

Jere wa ku Chirunga:
Pafupi ndi chipata cha hotela pamakhala anthu ogulitsa ziboliboli ndi zipatso, komanso anyamata operekeza alendo. Lankhulani ndi mmodzi wamkulu, mugwirizane ndalama musanachoke, njinga zitatu muzimange pamodzi ndi tcheni ndi loko. Pampu ndi masipanala musasiye panjinga. Musazibise m'tchire poganiza kuti palibe akuona, m'phirimo mumadutsa anthu ambiri kuposa mmene mungaganizire.

Ndipo mutenge woperekeza. Kudula mitengo kunasokoneza njira, pali tinjira tambirimbiri ta odula matabwa timene timafanana ndi njira yeniyeni. Komanso munthu wodziwika m'phirimo akakhala nanu mumayenda mtima uli m'malo. Ndalama imene mumulipira ndi imene imadyetsa banja lake, musanenerere mopitirira.

Njira imene ndimakonda ine ndi yodzera ku damu la Mulunguzi, kutsata mtsinje mpaka mathithi a Mandala, kudutsa pamene ankaweta nsomba za trout, kukafika mathithi a Williams, kenako kukwera cha ku kadamu ka Chagwa mpaka Queen's View ndi Emperor's View, zimene zayandikana. Loyambalo linatchedwa choncho chifukwa cha mayi ake a Mfumukazi Elizabeth amene anabwera mu 1957, linalo chifukwa cha Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anafika mu 1965. Ndi chifukwa chake ma Rasta amalemekeza malo amenewo. Ku damu kumbukirani kuti madzi amenewo ndi omwe tauni yonse imamwa, zinyalala zonse zibwerere m'chikwama.

Amakanika a pa Mpondabwino:
Ndionjezere chimodzi chimene palibe wanena. Pamsewu uja mukumana ndi anthu otsika ndi nkhuni ndi matabwa, ena pamutu, ena panjinga zodzaza mpaka kupitirira msinkhu wa munthu. Njinga yolemera choncho siima msanga, mwini wake amakhala akulimbana nayo ndi thupi lonse. Apatseni njira. Inu mukuyenda mwa kufuna kwanu, iwo ali pantchito. Ambiri ndi makasitomala anga, ndimadziwa mmene manja awo alili. Za kutha kwa mitengo tingakambe tsiku lina, nkhaniyo ndi yaikulu ndipo amene amadyerera kwambiri si amene akusenzawo.

Ndipo pokhota paliponse khalani kumanzere kwenikweni. Madalaivala ena amadula makhona.

Nachisale wa ku Matawale:
Ndalemba zonse papepala. Mchimwene wanga wapeza njinga ya magiya kwa mnzake. Tinyamuka kukangoyera, 1 koloko tikutembenuka, 4 koloko isanakwane tikhale tayamba kutsika. Ndidzakuuzani mmene tayendere.

Mayi a Chisomo:
Muuzenso munthu wina kunyumba njira imene mudzere ndi nthawi imene akuyembekezereni. Muyende bwino.

Nachisale wa ku Matawale:
Abale anga, tapita ndipo tabwerako. Dzulo ndinalephera kulemba, ndinangosamba n'kugona. Lero ndachokera kutchalitchi, ndiye ndikufotokozereni.

Tinanyamuka 5:45. M'tauni munali zii, jakaranda wayamba kuchita maluwa. Chitunda chitangoyamba ndinazindikira kuti a Mbewe sananame. Tinapalasa mwina theka la njira, kwinako tinakankha. Poyamba zinkandiwawa mumtima kuti ndikukankha, koma agogo ananena zoona, nthawi yokankhayo ndi imene ndinaona mitengo. Pa khona lina, dzuwa litangotuluka kumene, mbali yonse ya mmunsi mwa msewu inali yofiira. Ndinaimika njinga. Mchimwene wanga sanalankhule kanthu, anangobwera n'kuima pambali panga, chifukwa iyenso anakwerapo pa keliyala ija. Tinakhala pamenepo mwina mphindi khumi. Mnzanga anatidikirira patsogolo osatifulumizitsa, ndipo ndimuthokoza mpaka kale.

Tinakumana ndi amayi asanu ndi awiri atasenza mitengo yaitali, akutsika mothamanga pang'ono chifukwa cha kulemera. Tinapatuka. Womaliza anatipatsa moni n'kunena kuti limbikirani mwatsala pang'ono, iye ali ndi mtolo umene ine sindingaunyamule ngakhale kuudzutsa pansi.

Pa Ku Chawe tinafika 8:25. Tinadya, tinagula mabulosi ndi sitiroberi kwa ana ogulitsa pamsewu, tinasiya njinga kwa bambo wina wa ziboliboli, tinapeza wotiperekeza. Tinayamba kuyenda 9 koloko. M'mphepete mwa Mulunguzi ndi mozizira bwino, mitengo ikuluikulu, mbalame, ndipo tinaona anyani akudumpha m'mwamba. Mathithi analidi ndi madzi ochepa koma ndi okongola ndithu. Titangopitirira a Williams, m'chitunda chopita ku Chagwa, mnzanga minofu ya m'ntchafu inakokana mpaka anakhala pansi akulira. Tinamupatsa botolo la Thanzi lija ndi nthochi, tinamuwongola mwendo pang'onopang'ono, tinadikira theka la ola. Mayi a Chisomo, mukanapanda kunena sindikudziwa tikanatani.

Kuchokera pamenepo ndi zitsa ndi lupsa malo ambiri, dzuwa lili pamutu, mthunzi wosowa. Gawo limenelo linandimvetsa chisoni. Wotiperekeza anatiuza kuti ali mwana ankayenda pamenepo osaliona dzuwa.

Pa Queen's View tinafika 12:35, pa Emperor's View 12:50. Tinali ndi mphindi khumi zokha. Mulanje sanaoneke, Chilwa inkangooneka ngati kachinthu kotuwa kutali. Koma pansi pa mapazi athu dziko linangotseguka, nyumba ngati timiyala, misewu ngati ulusi. Mchimwene wanga ankafuna tikhale mpaka 2 koloko, ine ndinakana. Itakwana 1 koloko tinatembenuka. Pobwerera tinaona utsi ukukwera chakumpoto, wotiperekeza anatidzeretsa msewu wa magalimoto m'malo mwa kanjira kachidule.

Njinga tinazipeza zili bwinobwino 3:40. Kutsika kunandiopsa kuposa china chilichonse tsiku lonse. Manja anachita dzanzi. Tinaima katatu, ndipo ulendo wachiwiri limu yakumbuyo inali yotentha moti ndinachotsa dzanja msanga. Pa khona lina galimoto yokwera inabwera mbali yathu, ndikanakhala pakati pa msewu bwenzi tikukamba zina. Chakumunsi njinga ya mnzanga inaponcha, tinasintha chubu. Pakhomo ndinafika 5:20.

Amakanika a pa Mpondabwino:
Mwachita bwino mayi, makamaka poima. Bweretsani njingazo mkati mwa sabata ndione maraba ndi masipoko. Ulendo umodzi wotere umadya maraba ngati miyezi itatu ya m'tauni.

Mayi a Chisomo:
Ndasangalala kuti mwabwera bwino. Mnzanuyo amwe madzi ambiri lero ndi mawa, ayende pang'ono, asangogona. Mwendo ukatupa kapena mkodzo ukakhala wakuda kwambiri apite kuchipatala osazengereza.

Mbewe wa ku Limbe:
Maola awiri ndi mphindi 40 ulendo woyamba, mutaimanso panjira, si zochepa achemwali. Funso langa, mutati mubwereze, mungatengenso njinga?

Nachisale wa ku Matawale:
Ndaliganizira funso limeneli usiku wonse. Ulendo uno njinga inali yofunika chifukwa cha bambo anga, ndipo sindikudandaula. Koma kwa munthu amene akungofuna kukafika ku Emperor's View ndi kusangalala ndi pamwamba, ndingamuuze kuti asankhe chimodzi. Apalase mpaka pa Ku Chawe n'kuyenda pang'ono mpaka mathithi a Williams basi, kapena asiye njinga kunyumba. Ife zonse ziwiri zinatipatsa mphindi khumi zokha pamalo amene tinavutikira tsiku lonse.

Nabanda ku Glasgow:
Ndikubwera kumudzi Epulo. Ngati mudzapitenso mundiuze, ndikufuna ndikaone Mulanje kuchokera pamenepo ndi ana anga, sanaonepo.

Gogo Phiri:
Epulo njira ya mbatata imakhala ikadali yonyowa malo ena, mudzatenge ndodo. Ine miyendo inatha, sindingakwere, koma mdzukulu wangayu akuidziwa bwino, ndinamuonetsa ndekha ali wamng'ono. Adzakutsogolerani. Mudzandipeze mmunsi m'mawa wake, ndidzakuphikirani kachewere woti mukadye pamwamba.